Mfumu yaikulu yagwa, nanga zipata za nyenyezi azitsegula ndani?

Nambewe, Kasungu Boma:
Moni nonse a pagulu lathu la olemba ndi owerenga. Ndafika pa gawo lachitatu la buku langa lopeka lija la Ufumu wa Nthanda, ndipo ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ya ndale imene yandiimitsa cholembera. Kwa inu amene simudawerengeko zigawo zoyamba, ufumuwu ukulamulira maiko ambiri ozungulira nyenyezi zosiyanasiyana, ndipo maikowo amayenderana kudzera m'zipata zamatsenga zimene zimatseguka pokhapokha ansembe a fuko limodzi akaimba nyimbo zimene amaziphunzira kuyambira ali ana. Gawo lachiwiri likutha pamene oukira alanda likulu, mfumu yaikulu yaphedwa, ndipo mtsogoleri wawo, yemwe ndi mayi wochokera ku dziko la migodi, waima m'bwalo la mfumu anthu akululutira. Vuto ndi lakuti ansembe a zipata, alembi a misonkho, oyendetsa zombo ndi asilikali onse adatumikira mfumu yakufayo, ndipo zipata zomwezo ndi zimene zinkadutsitsa akaidi opita kumigodi. Mayiyu akawachotsa onse, palibe amene atsegule njira yoti chakudya chifike ku maiko amene salima. Akawasiya pa maudindo awo, amene abale awo adafera m'migodi adzafunsa kuti adamenyera chiyani. Kodi achite zotani kuti wowerenga akhulupirire?

Mwale, Chulu:
Zikomo mayi Nambewe potibweretsera funso lolemera chonchi. Ine ndidaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma ntchito, ndipo ndingakulangizeni kuti musanayang'ane kutali muyambe mwaona ufumu wathu wa Maravi, chifukwa muli kale chimene mukuchilembacho. Kalonga, wa fuko la Phiri, adali ndi mphamvu za ulamuliro, koma za mvula ndi za kachisi zidali m'manja mwa a Banda, ndipo Makewana wa ku Msinja sankalandira udindo wake kuchokera ku mikondo ya Kalonga. Ufumuwo sudagwe tsiku limodzi. Undi adasamukira kumadzulo nakhazikitsa ulamuliro wake, Lundu adakula mphamvu kuchigwa cha Shire, mafumu ang'onoang'ono adayamba kuchita okha malonda a minyanga osadzera kwa Kalonga, ndipo pofika zaka za m'ma 1800, pamene Angoni ndi Ayao ankalowa m'dziko, pampando padali patatsala dzina lokha. Koma anthu sadaleke kupereka nsembe zopempha mvula chifukwa choti Kalonga wafooka. Choncho ine ndikuona kuti ansembe anu a zipata sayenera kuoneka ngati antchito wamba amene mtsogoleri watsopano angawalembe kapena kuwachotsa. Iwo akudziwa kuti adalipo mfumu imeneyi isanabadwe, ndipo pokambirana ndi mayi wa kumigodiyo adzalankhula monga anthu amene aona mafumu ambiri akubwera ndi kupita.

Chisale, Nkhamenya:
Bambo Mwale, ndikulemekeza zimene mwafotokozazi, koma mtima wanga sukuvomera kuti ansembewo atuluke m'nkhaniyi ali oyera. Wopempha mvula sapha munthu, pamene ansembe a m'buku la achemwali athuwa ankaimba nyimbo zawo akuona ndi maso kuti zombo zimene zikudutsa zadzaza ndi ana a anthu omangidwa unyolo. Ngati wowerenga wayenda ndi oukira m'zigawo ziwiri zathunthu, waona midzi ikutenthedwa, ndiye pa gawo lachitatu auzidwa kuti onse amene adathandiza nkhanzazo apitiriza ntchito chifukwa ndi okhawo odziwa kuimba, adzaona kuti wanamizidwa. Ine ndikadakhala wolemba, ndikadalola mayiyo kuwachotsa onse ndi kulipira mtengo wake, ngakhale zipata zitatsekeka kwa zaka, chifukwa ufulu umene ukudalira chifundo cha amene ankakuzunza dzulo ndi wosakhalitsa.

Phiri, Mtunthama:
Achimwene a Chisale, mtengo umene mukuti alipirewo tiutchule bwinobwino, chifukwa sadzaulipira ndi mayiyo yekha. Mu Meyi 2003, boma la Saddam Hussein litangogwa ku Iraq, Paul Bremer, amene America idamuika kuti ayendetse dzikolo, adalamula kuti akuluakulu a chipani cha Baath achotsedwe ntchito za boma ndiponso kuti gulu lonse la asilikali lithetsedwe. Amuna mazana a zikwi odziwa kugwira mfuti adapezeka ali pakhomo opanda malipiro, aphunzitsi ndi akatswiri amene adalowa chipani pofuna kuteteza ntchito zawo adachotsedwa pamodzi ndi olakwa enieni, ndipo ambiri mwa okwiyawo adalowa m'magulu amene adamenya nkhondo zaka zotsatira. M'buku la mayi Nambewe zinthu zingaipe koposa pamenepo, chifukwa msilikali wochotsedwa ntchito ali ndi chombo chankhondo, ndipo dziko la migodi, kumene mtsogoleriyo akuchokera, ndilo loyamba kufa ndi njala zipata zikatsekeka popeza kumeneko salima. Kodi mayiyo angayang'ane anthu akwawo m'maso ndi kuwauza kuti ana awo afe ndi njala kuti chilungamo chioneke?

Kwathu konkuno tili ndi chitsanzo cha njira ina. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adalanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri mwa a Young Pioneers amenewo adathawira ku Mozambique. Gulu limene lidali ndi zida m'dzina la chipani lidathetsedwa, koma alembi a m'maofesi, aphunzitsi, anamwino ndi asilikali a boma adapitiriza ntchito zawo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitachitika, ndipo dziko silidalowe m'nkhondo yapachiweniweni. Ndikuganiza kuti wolemba wathu asiyanitse magulu amene adakhazikitsidwa kuti aziopseza anthu ndi magulu amene dziko lililonse limawafuna kuti liyende.

Nabanda, Santhe:
Bambo Phiri, zimene mwanenazo ndi zoona, koma mwasiya mbali imene a Chisale akuilirira, ndipo mbaliyo siyochepa. Nkhondo sidabuke, inde, koma mabala a anthu ambiri sadapole. Nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, ndipo mlandu wake utazengedwa ulamuliro utasintha, Dr Banda ndi ena amene adaimbidwa nawo mlanduwo adapezeka osalakwa mu Disembala 1995. Bwalo loona za chipukuta misozi limene malamulo aakulu a dziko a 1994 adakhazikitsa lidatsekedwa anthu ambiri amene adamangidwa popanda kuzengedwa mlandu kapena kulandidwa katundu asanalandire zonse zimene ankayembekezera. Sindikulemba izi kuti tiyambe kukangana za zipani pagulu la mabuku, koma kuti mayi Nambewe aone kuti mtendere umene umabwera posiya zakale osazifukula umakhala ndi anthu ake amene amausenza mwakachetechete. M'buku mwanu mukhale mayi wina amene mwana wake adadutsa pachipata osabwereranso, ndipo tsiku ndi tsiku aziona wansembe yemweyo akupita kukaimba atavala mkanjo womwewo. Mukamulemba bwino mayi ameneyo, wowerenga adzamva kulemera kwa chisankho cha mtsogoleri wanu popanda inu kumuuza.

Nambewe, Kasungu Boma:
Mayi Nabanda, munthu ameneyo ndimulowetsa ndithu. Koma ndikufuna ndimve zambiri pa njira yapakati, ngati ilipo, yoti ansembewo apitirize kuimba koma osati ngati kuti palibe chidachitika.

Nabanda, Santhe:
Njira zilipo zimene maiko adayesapo, ndipo iliyonse idasiya ena akudandaula. Ku South Africa, komiti ya choonadi ndi kuyanjanitsa imene ankaitsogolera Desmond Tutu idayamba kumva maumboni mu 1996, ndipo wolakwa ankatha kukhululukidwa ngati waulula zonse zimene adachita ndi kuonetsa kuti adazichita pa zifukwa za ndale. Mabanja ena adadziwa koyamba kumene abale awo adakwiriridwa, koma ena adakana njirayo ponena kuti wakupha akutuluka mfulu chifukwa chongolankhula. Ku Rwanda, chiwembu cha 1994 chitatha, milandu idachuluka kwambiri moti makhoti sakadaimaliza, ndipo boma lidaipereka ku mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca, amene adatsekedwa mu 2012. M'buku mwanu chuma chachikulu chimene ansembewo ali nacho si nyimbo zokha ayi. Iwo ndi amene akudziwa chombo chilichonse chimene chidadutsa, tsiku lake, ndi kumene chinkapita. Mtsogoleri wanu angawauze kuti wansembe aliyense wofuna kusunga udindo wake ayambe waima pabwalo ndi kutchula zombo zimene adadutsitsa, mabanja akumva.

Jere, Mkanda:
Ine ndikulemba kuchokera kuno ku Mchinji, ndipo ndikufuna kukumbutsa za mtunda, chifukwa tonse tikulankhula ngati kuti mfumu ikafa ku likulu, m'mawa mwake aliyense wamva. Kuwala kochokera ku Proxima Centauri, nyenyezi imene ili pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kutifike. Ngati m'buku la mayi Nambewe uthenga umayenda kudzera m'zipata zokha, ndiye kuti wansembe amene watseka chipata chake watsekanso makutu a dziko lonse limene lili kuseri kwake. Kumeneko kazembe wa mfumu apitiriza kutolera msonkho ndi kutumiza anthu kumigodi m'dzina la munthu amene adaikidwa kale m'manda, mwina osadziwa, mwinanso akudziwa koma akubisa.

Zoterezi zidachitikapo kwa anansi athu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idaima ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany kuno ku Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, adali akuyendabe ndi gulu lake m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo adakatula zida ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala, pa 25 Novembala. Kumeneko kudali kuchedwa kwa masabata awiri okha, pa dziko limodzi lokhala ndi matelegalamu. Tangoganizani ufumu wa nyenyezi zambiri. Ndingakonde kuwerenga mutu umodzi wathunthu wochitikira ku dziko lakutali limene silidamve kanthu, kumene anthu akukondwerera tsiku lobadwa la mfumu yakufa.

Chisale, Nkhamenya:
Mfundo ya mtunda ndaimva, bambo Jere, ndipo ikulimbitsa nkhawa yanga. Ngati akazembe ndi ansembe akale atsala m'malo mwawo, kutali ndi maso a mtsogoleri watsopano, iwowo ndi amene adzakhale mafumu a mawa. Soviet Union itatha mu Disembala 1991 ndi kugawika m'maiko 15, m'maiko angapo amene adatenga mpando adali akuluakulu omwewo a chipani chakale. Islam Karimov adalamulira Uzbekistan mpaka imfa yake mu 2016, ndipo Nursultan Nazarbayev adakhala mtsogoleri wa Kazakhstan mpaka 2019. Mbendera zidasintha, nyimbo za fuko zidasintha, koma munthu wamba adadzuka napeza nkhope yomweyo ikumulamulira. Bambo Phiri akuopa njala ya chaka chimodzi, ine ndikuopa ulamuliro wa zaka makumi atatu. Sindikunenanso kuti ansembe onse achotsedwe tsiku limodzi, popeza za njala ya kumigodi zandigwira mtima, koma ndikukana kuti nyimbo zotsegulira zipata zikhalebe chuma cha fuko limodzi. Mayiyo akangovomera zimenezo, ndiye kuti wapha mfumu nasiya ufumu.

Mwale, Chulu:
Apa a Chisale mwakhudza fupa lenileni la nkhaniyi, ndipo ndikugwirizana nanu. Kukangana kwenikweni kwa gawo lachitatu kukhale pa funso la amene aloledwe kuphunzira nyimbozo. Ansembe angavomere kuulula zakale, angavomere ngakhale kuti ena mwa iwo alangidwe, koma adzakana mpaka kufa kuphunzitsa mwana wa munthu wa kumigodi, chifukwa akudziwa kuti tsiku limene mwanayo adzatsegule chipata ndi tsiku limene mphamvu zawo zidzathe. Ndipo popeza mayi Nambewe adalemba kuti nyimbozo zimaphunziridwa kuyambira paubwana, mtsogoleri wathu ayenera kupirira ndi anthu amene sakuwakhulupirira kwa zaka khumi kapena kuposa, kudikira kuti ana akule. Ndale za nthawi yodikirayo ndizo zingadzaze buku.

Ndionjezerepo za akuluakulu a zombo zankhondo. Alexander wa ku Macedonia atamwalira ku Babylon mu 323 Yesu asanabadwe, akazembe ake sadanene poyera kuti akugawana ufumu. Aliyense ankati akusungira banja la mfumu, ndipo Ptolemy, mmodzi mwa akazembewo, adafika potenga mtembo wa Alexander kupita nawo ku Egypt kuti ulamuliro wake uoneke wovomerezeka. Padapita zaka pafupifupi makumi awiri asanayambe kudzitcha mafumu, ndipo pofika nthawiyo mwana wa Alexander adali ataphedwa kale. Choncho mkulu wa zombo m'buku mwanu asabwere akufuula kuti akufuna mpando. Abwere modzichepetsa, atanyamula mwana wa mlongo wake wa mfumu yakufayo, monga mwa mwambo wathu wa Achewa kuti ufumu umapita kwa mphwake, nanena kuti iye akungoteteza mwanayo.

Jere, Mkanda:
Pali nkhani inanso imene olemba ambiri amaidumpha chifukwa siyosangalatsa ngati nkhondo, ndiyo ya katundu amene sagawika. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953 ndi kutha pa 31 Disembala 1963, koma damu la Kariba silikadadulidwa pakati, ndipo mpaka lero Zambia ndi Zimbabwe amaliyendetsa limodzi kudzera m'bungwe la Zambezi River Authority. Ndalama nazo zidafuna nthawi, moti ife tidayamba tagwiritsa ntchito paundi yathu ndipo kwacha idabwera mu 1971. Ku Soviet Union nkhani yake idakhudza zakumwamba zenizeni. Sergei Krikalev adakwera kupita ku siteshoni ya mumlengalenga ya Mir mu Meyi 1991, ndipo pamene ankatsika mu Malichi 1992, dziko limene lidamutumiza lidali litatha. Malo oulutsira zombo a Baikonur adapezeka ali m'dziko latsopano la Kazakhstan, ndipo Russia imalipira lendi kuti iziwagwiritsa ntchito. Chipata cha m'buku lathuli chili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili m'dziko lina. Dziko lina likafuna kulipiritsa msonkho wodutsira, linzakelo lidzabwezera, ndipo woyendetsa chombo amene adanyamuka ufumu ulipo adzafika pachipata ndi ziphaso zosainidwa ndi boma limene kulibe, atanyamula ndalama za nkhope ya mfumu zimene wamalonda akuzikana.

Kuno kumalire timadziwanso kuti anthu sagawika monga mmene mapu amagawikira. Achewa ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti amakakumana ku Mkaika pafupi ndi Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ufumu wa Nthanda udasamutsa anthu ambiri, choncho padzakhala mabanja amene ali mbali ziwiri za chipata chimodzi, ndipo iwowo ndi amene adzakakamize atsogoleri kuti agwirizane ngakhale asakufuna.

Phiri, Mtunthama:
Ndikufuna kupempha chinthu chimodzi m'malo mwa anthu amene sadatchulidwe pano, amene adaulira ufumuwo utagwa. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse adasankha zipani zambiri, koma m'chigawo chathu chapakati ambiri adasankha kuti chipani chimodzi chipitirire, ndipo tonse tikudziwa kuti amenewo adali makolo ndi anansi athu, osati zilombo. Ena ankaopa nkhondo chifukwa adaona othawa ku Mozambique atadzaza m'maboma a m'malire, ena ankakumbukira misewu, sukulu ndi misika ya mbewu. Zili ngati matenanti a pa esiteti ya fodya imene mwini wake adali wankhanza koma ankapereka chimanga mwezi ndi mwezi: mwiniyo akachoka, chisangalalo chimakhalapo, komanso funso la chakudya cha mwezi wamawa limabwera usiku womwewo. Mayi Nambewe, mutipatse dziko limodzi limene anthu ake akufuna mwana wa mlongo wa mfumu uja pa zifukwa zomveka, kuti mtsogoleri wanu akumane ndi otsutsa amene sangawathetse ndi mfuti popanda kusanduka chimene ankachimenya.

Nambewe, Kasungu Boma:
Ndathokoza nonse, ndipo ndikuuzeni mmene ndikuganizira kukonza gawoli kuti mundiongole. Mtsogoleri athetsa gulu la alonda a mfumu amene ankagwira anthu usiku, koma asiya oyendetsa zombo ndi alembi. Ansembe aima pabwalo kutchula zombo zimene adadutsitsa, ndipo mayi wotaya mwana uja amva dzina la chombo chimene chidatenga mwana wake kuchokera pakamwa pa wansembe amene amamuona tsiku ndi tsiku. Pangano lokhudza sukulu ya nyimbo likhala pakati pa gawoli, ndipo mkulu wa zombo afika ndi mphwake wa mfumu pamene panganolo latsala pang'ono kusainidwa. Chimene chatsala ndi ichi: kodi mayiyo akhale pampando pa zaka zodikirazo, kapena aitanitse chisankho msanga, podziwa kuti maiko ena sadamve n'komwe kuti mfumu idafa?

Chisale, Nkhamenya:
Aitanitse chisankho, achemwali, ndipo tsiku lake alitchule pa bwalo lomwelo limene ansembe akuulula, kuti asadzathe kulibweza. Akangonena kuti adikire kaye ana akule, mkulu wa zombo naye adzanena kuti akudikira kuti mphwake wa mfumu akule, ndipo wowerenga sadzaona kusiyana pakati pa awiriwo.

Mwale, Chulu:
Tsiku alitchule, koma chisankho chiyambire m'maiko amene zipata zawo zatseguka, ndipo mipando ya maiko amene sadamve isiyidwe yopanda anthu m'nyumba ya msonkhano mpaka nthumwi zawo zidzafike. Pamenepo mudzakhala ndi mkangano wina wabwino, chifukwa malamulo aakulu adzalembedwa ena kulibe, ndipo ofika mochedwawo adzafuna kuti zina zikambidwenso. Mukamaliza mutu wa dziko lakutali umene a Jere apempha, muuike pano tiuwerenge musanapitirire ku mutu wa pabwalo, chifukwa kazembe wa kumeneko ndi amene adzakhale woyamba kukana zotsatira za chisankhocho.